Pasiwedi yomata ndi pulasitala

Chinsinsi changa chinatulukira pa kompyuta ya ku chipatala, ndipo mpaka lero palibe wandipepesa.

Ndine mayi wa ku Nazombe, mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Kulankhula pagulu sinditha, n'chifukwa chake ndalemba kalatayi kuti muiwerenge pa wailesi. Dzina langa musatchule.

Ndili woyembekezera ndinayezetsa magazi ku sikelo. Anandipeza ndi kachilombo. Anamwino anati ndisaope, zonse amasunga mu kompyuta, ndipo kompyutayo sitseguka popanda mawu obisika otchedwa pasiwedi. Ndinakhulupirira. Bambo a mwanayu ndinali ndisanawauze. Ndinkafunafuna poyambira.

Lachiwiri alamu anga, achemwali awo a amuna anga, anapita ku chipatalako kukataipa makalata oitanira anthu ku ukwati. Kalaliki wa pamenepo ndi mnzawo wa ku kwaya. Anawasiyira mpando, iye n'kupita kukagula chimanga chootcha. Alamuwo kompyuta anaphunzirako ku Blantyre. Anatsegula mndandanda wa amayi a ku sikelo. Dzina langa, mudzi wanga, zotsatira za magazi, zonse poyera.

Lachitatu m'mawa amuna anga anamangirira chikwama pa njinga, ulendo wa kwawo ku Migowi. Anangoti, "Ndikamvere kwa achemwali, iwe tikugona nyumba imodzi?"

Lachinayi ndinafika pa chipatala 7 koloko, mwana kumsana. Kalaliki anatulukira hafu pasiti 9. Ndinamufunsa monong'ona kuti chinsinsi changa chinatuluka bwanji. Iye anayankha mokweza, benchi yonse ikumva: "Mayi, makina awa ndi otetezedwa, ali ndi pasiwedi!"

Ndinasuzumira. Pasiwediyo inalembedwa pa kapepala, n'kumatidwa ndi pulasitala wa mabala m'mphepete mwa galasi la kompyuta. Ngakhale ine ndinaiwerenga: dzina la chipatala ndi 123. Kodi munthu amakiya chitseko n'kupachika kiyi pa chitseko pomwepo?

Ndinaloza kapepalako ndi chala. Anati anamata chifukwa anzake amaiwalaiwala, ndipo woyang'anira makompyuta amakhala ku Boma, galimoto yobwerera kuno ilibe mafuta. Ndinapempha kuonana ndi akuluakulu. Akuti ali ku semina. Semina ya chiyani, yophunzira kumata mapepala?

Kenaka kalaliki uja anandifunsa, "Nanga alamu anuwo anama? Si zoona zimene anenazo?"

Zoona ndi zoona, inde. Koma woyenera kuwauza amuna anga ndinali ine. Mwina akanapitabe, mwina akanakhala n'kukayezetsa nawonso. Sindidzadziwa.

Akuluakulu a ku Boma, ndiyankheni. Ndani analola kuti kompyuta ya odwala ikhale yotaipira makalata a ukwati? Woyang'anira wanuyo afika liti kudzasintha pasiwedi? Ndi anthu angati akhalapo pa mpando umene uja?

Amayi anzanga, kuyezetsa musasiye, thandizo lake ndi lenileni. Koma musanatchule dzina lanu, yang'anani kaye pa galasi la kompyuta, ndipo mufunse. Pa mndandanda uja sindinalipo ndekha. Ndinachoka 12 koloko, kapepala kaja kakadali pomwepo.