Mpando Wakutsogolo

Chaka chimene malasha anayamba kulipira bwino ku Moatize, amuna anga anagwidwa matenda a galimoto. Ntchito yawo inali yoyendetsa chilole cha mu mgodi, chija tayala lake limaposa munthu kutalika, ndiye ankati atopa ndi zinthu zoyenda chokwawa. Ankafuna kagalimoto kafupi, kopanda mchira kumbuyo, koma ka liwiro loopsa.

Kwa wogulitsa wina m'mbali mwa msewu wopita ku Tete kunali tiwiri totere, kofiira ndi kotuwa. Injini akuti zinali zofanana mphamvu. Nkhani m'nyumba mwathu inasanduka yomweyo, m'mawa ndi madzulo: kofiira kamakhota bwino, kotuwa sikagwedeza munthu m'maenje. Zonsezo ine zinkangondidutsa. Chimene ndinaona ndi zitseko. Kotuwa kanali ndi zinayi, kofiira ziwiri zokha, moti wokhala kumbuyo ankalowa chowerama, atapinda kaye mpando wakutsogolo.

Amuna anga ali ndi achemwali awo aakulu ku Zóbuè. Nthawi ya nkhondo ndi iwowo anawabereka kumbuyo pothawira ku Malawi, nkuwalera okha mpaka kubwerera. Zimenezo sinditsutsa. Koma nsanje ndinali nayo, ndipo inali yaikulu. Malipiro akakwera, oyamba kumva anali alamu angawo. Dzina la mwana wathu anasankha ndi iwo. Amuna anga akamacheza nawo pa foni ankaseka kuseka kwina kumene ine sindinapatsidwepo.

Tsiku lina ndikutsuka mbale ndinawamva pakhonde akufunsa achemwali awowo pa foni: "Mana, ndiye nditenge kati?"

Mbale inatsala pang'ono kusweka m'manja mwanga. Ine wochapa zovala zakuda bii ndi fumbi la malasha ndinali ndisanafunsidwepo.

"Akuti ka zitseko zinayi," anatero polowa m'nyumba. "Abale azikwera mosavuta, thumba la mbatatesi lizilowanso."

Pomwepo ndinaona galimoto yathu itasanduka chapa, minibasi ya ku Zóbuè, azibale atadzaza mbali zonse, ine ndikungowapukutira matope. Sindinakangane nawo, chifukwa mwamuna ameneyu ukalimbana naye pa za achemwali ake wagonja kale. Ndinadikira adye, akhute.

"Bambo a mwana, munthu mumakhalira kunyamula katundu tsiku lonse ku mgodi, mugulenso galimoto ya mbatatesi? Tsiku lija mutakhala m'kofiira kaja munaoneka ngati mnyamata uja anandifunsira."

Anangoseka, koma ndinaona kuti zalowa. Kofiira kanabwera pakhomo.

Masiku oyambawo ndinasangalala zosaneneka. Ndinkakhala kutsogolo, galasi lotsitsa ngakhale fumbi likhale lotani, kuti amayi a pa mpopi andione bwinobwino. Opempha kukwera akasuzumira kumbuyo ankasintha maganizo okha. Mpando unali wanga, mwamuna ali pambali panga, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu anga anali ataposa a ku Zóbuè.

Kenako alamu anatsika pa chapa kudzaonetsa msana wawo kuchipatala, ndipo zinali zoti tiwaperekeze kwawo. Ndinavala chitenje chatsopano, nkuwapindira mpando mwaulemu wonse. Anaima pachitseko, nkuyang'ana kampata kolowerako, dzanja lili m'chiuno.

"Ine ndipindike ndilowe m'menemo? Alamu, msana uwu unathera pobereka amuna anuwa."

Amuna anga anandiyang'ana. Kwathu kuno wamng'ono sangakhale tambalale wamkulu akukwawa, anthu akuona. Ndinawerama ndekha nkulowa, chitenje chatsopano chikukoka fumbi. Mpando unabwezedwa, phaa, pa maondo anga. Mbali inayo kunali mwana ndi zikwama zounjikana mpaka kudenga.

Msewu wa ku Zóbuè ndi wokwera, wodzaza malole opita kumalire. Amuna anga anayamba kuonetsa achemwali awo zimene kagalimotoko kamatha. Akaponda moto kankabangula, lole nkutsala m'mbuyo, alamu nkukuwa kuti "Mwana iwe, utipha!" uku akuwamenya paphewa. Onse awiri ankaseka kuseka kuja. Ine ndinkangoona nkhongo zawo. Injini ya kagalimoto kotere imamveka kwambiri kumbuyo, moti ngakhale nditayankhula panalibe wondimva. Mphepo yozizira ya kumapiri itayamba kulowa, misozi inali italengeza, ndipo sinali ya mphepoyo.

Titafika, amuna anga anatuluka kukapereka moni kwa amalume awo. Alamu sanatsike. Anatsitsa galasi, chigongono panja, nkuyamba kulonjerana ndi mudzi wonse mmodzimmodzi, kufunsa za ana, za mbuzi, za maliro amene anawaphonya. Wakumbuyo m'galimoto yotere satuluka wakutsogolo asanadzuke. Miyendo inachita dzanzi, mwana akulira, ine ndili phee ngati nkhuku ya m'dengu yopita kumsika.

Atakhutira, anatembenuka nkundimwetulira.

"Alamu, ndamva kuti munasankha ndinu. Mwachita bwino kwambiri. Kakanakhala ka zitseko zinayi kaja, bwenzi ine ndikumakhala kumbuyo ngati mlendo."

Kagalimotoko tikadali nako, ngakhale kufiira kwake kunazilala ndi fumbi, ndipo msana wa alamu sunapolebe. Akafuna kuchipatala kapena kumaliro amangoimba foni, mlongo wawo wapamtima nkunyamuka. Ine ndikati ndikwere tsiku lotsatira, ndimapeza mpando utasunthidwira kutsogolo, pa muyeso wa miyendo yawo yaifupi. Ndimaubweza mwamphamvu kuti amuna anga amve, koma mpaka lero sanafunsepo chifukwa chake.