Madzi Sadikira Munthu

Che Harun akhala akutsegula ndi kutseka mageti a madzi mu sikimu yathu ya mpunga ku Domasi kuno kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndi bambo wamfupi, wa kachipewa koyera, njinga yopanda mabuleki, sipanala atamangirira pa kaliyala. Ngalande ndi imodzi, alimi ndife ambirimbiri, ndiye m'chilimwe madzi timalandira mosinthana, aliyense tsiku lake ndi maola ake. Ukapanda kuoneka, geti amatsegulira wotsatira. Ukadandaula, yankho lawo linali limodzi: "Madzi sadikira munthu."

Mawu amenewa ine ndimawadziwa bwino. Chaka china mwana wanga Kingsley anadwala malungo, ndinagona naye kuchipatala sabata yathunthu, tsiku langa la madzi n'kudutsa. Pobwerako ndinawagwadira bambowa anthu akuona. Anangopukusa mutu. Mpunga wanga unauma uli pafupi kutulutsa ngala. Kuyambira pamenepo moni wanga kwa iwo unali wapakamwa chabe, ndipo sindibisa, ndinkawafunira tsoka.

Koma mwana wawo Munira ndinalibe naye chifukwa. Mtsikanayu amaphunzira zamakompyuta ku yunivesite ku Zomba. Zaka ziwiri ankazungulira m'minda mwathu kujambula masamba a mpunga ndi foni, opserera, achikasu, amawangamawanga. Tinkamuseka: "Iwe Munira, anzako akujambula zibwenzi, iwe masamba?" Iye ankati akufuna kuphunzitsa kompyuta kuzindikira matenda a mpunga, kuti mlimi akangojambula tsamba, foni izimuuza chomwe chavuta. Zithunzi zinakwana zikwi makumi awiri. Koma laputopu yake akaipatsa ntchitoyo inkatentha ngati ayironi n'kuzima.

Ndiye kunja kwa dziko lino kuli chikompyuta chachikulu, akuti chodzaza nyumba yonse, chomwe mayunivesite ambiri amagwiritsa ntchito mogawana. Umalemba kalata yopempha, n'kudikira miyezi, kenako amakupatsa masiku ako. Munira anamupatsa masiku khumi mu Sepitembala, kuti azitumiza ntchito yake kudzera pa intaneti ya kusukulu kwawo. Zikanatheka, digiri yake ikanatha chaka chomwechi. Che Harun anazimvetsa msanga kuposa tonsefe. "Imeneyo ndi ngalande basi," ankauza anthu monyadira. "Mwana wanga wapatsidwa tsiku la madzi."

Pa tsiku lachiwiri la masiku khumiwo, bambowa anagwa pageti, matenda a kuthamanga kwa magazi. Mukudziwa nokha, wodwala kuchipatala amafuna womudikirira, womuphikira, womuchapira. Akazi awo anamwalira kalekale, mwana wamwamuna ali ku Joni. Munira anasiya zonse n'kukagona pansi pafupi ndi bedi masabata awiri. Ine ndinamva tsiku lomwelo. Mpata ndinali nawo, ndikanatha kukamulandira masiku atatu kuti athamangire kusukulu. Sindinapite.

Bambo ake atatuluka m'chipatala, Munira anapeza uthenga: masiku anu atha, maola omwe simunagwiritse ntchito tapatsa ena, mudzapemphenso chaka chamawa.

Zotsatirazo ndinadzimvera ndekha, poti mpanda wathu ndi umodzi. Che Harun anavala jekete lawo lopitira kumzikiti Lachisanu, n'kuuza Munira kuti amangirire thumba la mpunga panjinga.

"Mwini makinawo amakhala kuti?" anafunsa. "Ndikapepese ndekha. Munthu ukamuonekera pamaso sakana."

Ine kuseri kwa mpanda ndinati mumtima, ha! Sakana? Mukunena inuyo?

"Ababa, kulibe munthu woti mukamugwadire," anayankha Munira. "Ndalemba kale kawiri. Akuti pamzere pali ophunzira mazanamazana, makina sangaime."

"Unawauza kuti ndinadwala?"

"Ndinawauza. Apepesa mwaulemu, koma nthawi ija wina analowamo kale. Nayenso ndi mwana wasukulu, ababa, anadikira ngati ine ndemwe."

Bambowa anakhala pansi pakhonde ndi jekete lomwelo.

Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikudikira tsiku ngati limeneli kuti ndidzaseke. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma kuseka sikunabwere. Ndinangomva kutopa, ngati ndachokera kowokera mbande tsiku lonse. Anzake a Munira amaliza chaka chino, iye adikira china. Pano akupalira ndime ya bambo ake, masamba sakujambulanso. Ndikamupatsa moni amayankha bwinobwino, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka.

Che Harun anabwerera pageti akukoka mwendo. Lachiwiri lapitali m'mawa madzi anali a mayi Tisungeni, mayi wamasiye wa ndime yoyandikana ndi yanga, wotsatira ndinali ine. Mayiwo sanaoneke, anali kumaliro a mchimwene wawo ku Malosa. Mwa lamulo madziwo anali anga pompo. Komanso mtsinje waphwa mwezi uno, madzi akumatha masana, womaliza akumangopeza matope.

Ndinafika ndi khasu langa, n'kupeza madzi akulowa mu ndime ya mayi Tisungeni. Che Harun ali m'katimo, buluku atapinda, akulimbana kuwongolera madzi okha.

Mtima unandiphulika. "Che Harun! Mwayamba liti zimenezi? Si paja madzi sadikira munthu?"

Anaweramuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. "Amake Kingsley, chaka chija mpunga wanu unauma wonse?"

"Wonse."

Anagwedeza mutu, n'kuweramanso. Dzanja lamanzere silikugwira bwino masiku ano, khasu linkangowapulumuka. Ndinaima pamenepo nditakwiya. Ndinawatukwana chamumtima, ndinatukwana chikompyuta chosaoneka chija, ndinadzitukwananso ndekha. Kenako ndinakwinya chitenje n'kulowa m'matopemo.

"Tulukani muno, mungagwenso," ndinawauza. "Mwana uja wagona pansi kuchipatala mokwanira."

Kwanga madzi anafika dzuwa litapendeka. Ananyowetsa theka la ndime n'kutha.