Mphepo ya Pansi pa Ndege

Anthu a pamzere wa nyumba zawo ankawatchula Mayi a Ndege, chonsecho ndegeyo anali asanaikwerepo. Ntchito yawo inali ya pakompyuta, m'kachipinda kopanda zenera pasukulu ya zaumisiri. Pali ndege zina zimene zimaima m'malere malo amodzi, injini zikupemerera pansi. Mphepo ija ikamenya nthaka imamwazikira m'mbali, ina n'kubwerera m'mwamba ili yotentha, kukalowanso mu injini. Iwo ankayerekezera zimenezi pakompyuta kuti opanga ndege adziwiretu povuta.

Kunali kudikira kokhakokha. Ankalowetsa manambala, makina n'kumawerengera kwa masiku, kenako pagalasi n'kutuluka timizere tofiira topotanapotana. Bwana wawo ankangosuzumira n'kuti, "Taitsitsani pang'ono ndegeyo, muyambirenso." Anayambiranso mpaka imvi zinatuluka, msana nawo n'kuyamba kudandaula.

Alamu awo aamuna sankatopa kuwaseka. "Mlamu, ndege yanu ija inyamuka liti? Mundisungire mpando wa pazenera."

"Yangayi sinyamuka, alamu. Ndi yongoima."

Chaka chimene mayi awo a Mayi a Ndege anafa ziwalo mbali imodzi, ntchito zinakhala ziwiri. M'mawa kuwasambitsa, masana timizere, madzulo kuwadyetsa ndi supuni. Tsiku lina akuwakankha pa njinga ya odwala kuchoka kwa dokotala, helikopita inabwera ndi munthu wovulala, n'kuima pamwamba pa bwalo la chipatala. Fumbi linayala pansi ngati madzi otayika, kenako kumapeto kwake linadzuka n'kupindikira m'mwamba. Mayi a Ndege anaima kukamwa yasa. Zaka zonsezi chinthuchi ankachiona chili zii pagalasi. Sankadziwa kuti chimaluma m'miyendo, chimanunkha mafuta.

"Iwe, ndikutsamwa," anatero mayi awo movutikira.

Anavula juzi msangamsanga n'kuwafunditsa kumaso, n'kuwatembenuzira kukhoma. Pamene ankacheuka, helikopita inali itatera, fumbi likugwa.

Kunyumba anawatsuka tsitsi, mchenga n'kutsalira pansi pa beseni.

"Ndiye ntchito yako ndi imene ija? Yothira anthu dothi m'maso?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Bola akulipire."

M'mawa mwake atafika kuntchito anapeza kuti magetsi anathima, makina anaimira pakati. Anakhala pampando, navula nsapato, n'kuyamba kulowetsanso manambala.