Dyness ndi Mwendo wa Bambo Ake

Dyness anabadwira ku komboni ya Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda zitatu kuseri kwa malo amene akalipentala amayalapo mabedi ndi zitseko m'mbali mwa msewu. Agogo ake aamuna anachokera ku Ntcheu, ku Malawi, kalekale kudzagwira ntchito yophika, ndipo sanabwererenso. Bambo ake, ba Blackson, anakulira pa matabwa. Mayi ake ankagulitsa makala mpaka chaka chatha, pamene anadwala masiku anayi okha n'kumwalira.

Kusukulu Dyness anali mwana wosavuta kuphunzitsa. Ankakhala mzere wachiwiri, mabuku ake okutira ndi nyuzipepala, ndipo ankafunsa funso limodzi pa sabata, koma loti mphunzitsi akaliganizire kunyumba. Atamaliza sekondale anapeza malo ku koleji ya zaumoyo, kukaphunzira zimene anthu amangoti fiziyo, ntchito yothandiza thupi lovulala kapena lofooka kuti liyambirenso kuyenda. Pa maliro a mayi ake sanalire kwenikweni. Anthu anati ndi wolimba mtima. Iye ankangomva ngati m'kati mwake mwathima magetsi, ndipo Lolemba lotsatira anakwera minibasi kupita kukalasi.

Chaka chachitatu chinali cha msana ndi miyendo. M'mawa ankaphunzira mitsempha imene imachoka kumunsi kwa msana n'kutsika mpaka ku zala za kuphazi. Masana ankakhala kuchipatala, akugwira miyendo ya anthu osawadziwa: oyendetsa mabasi, amayi osenza matumba pamsika, agogo othyoka chiuno. Ankakweza mwendo, kupinda bondo, kudina m'chiuno n'kufunsa kuti, "Apa pawawa?" Manja ake anali ataidziwa ntchito.

Mwezi wa Juni, ba Blackson anawerama kuti anyamule wodilopu kukweza pa lole, ndipo sanathe kuwongokanso. Ululu unachoka kumsana, kudutsa m'thako, kutsika mwendo wamanzere mpaka chala chachikulu. Achibale ndi anzawo a kutchalitchi anagwirizana chimodzi: msana umafuna kugona. Anawamanga lamba m'chiuno, anabweretsa chitseko chatsopano chosapaka vanishi, n'kuwagoneka pamenepo chagada m'chipinda mwawo.

Dyness ankadziwa kuti si choncho. Munthu wotero amapuma tsiku limodzi kapena awiri, kenaka amayenera kudzuka ndi kuyenda pang'onopang'ono, apo ayi minofu imatha. Ankadziwanso zoyenera kuyeza. Koma mwana wamkazi wotha msinkhu salowa m'chipinda chogona bambo ake, sagwira ntchafu yawo kapena chiuno chawo. Palibe amene anamukhazika pansi kumuuza zimenezi. Anangokula akuzidziwa, monga ankadziwira njira ya kumpopi. Mayi ake akanakhalapo, akanawauza iwo, iwo n'kukalowa.

Choncho ankagwada pakhomo la chipindacho n'kukankhira mbale m'kati.

"Batate, muyeseko kuimilira pang'ono lelo."

"Dokota wanga wa mawa," ankatero ba Blackson akuyang'ana malata. "Nikapola nizaimilira, amama. Osavutika."

Dyness ananena zimenezi kawiri, mwina katatu, kenaka anasiya. Sabata inatha. Zinakwana zisanu.

Kuchokera pakhomopo ankaona mapazi okha, otuluka kunsi kwa bulangete. Tsiku lina anaona kuti phazi lamanzere lagwa, likuloza pansi, pamene lamanja laima bwino. Katumba wa mwendowo anali atayamba kuphwa. Sabata yomweyo mphunzitsi wawo, ba Sampa, analemba pa bolodi mafunso amene safunika kuiwalika phazi likafooka. Kodi wodwala akutha kugwira mkodzo? Kodi pakati pa miyendo pachita dzanzi? Akayankha moipa, apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mawa lake akhoza kusayendanso moyo wake wonse. Dyness anakopera bwinobwino, anadula mzere kunsi ndi rula. Sanachite mantha. Anangodziwa kuti mafunso amenewo sangatuluke pakamwa pake kupita kwa bambo ake.

Panali munthu mmodzi yekha amene ankalowa m'chipindamo osaodira. Ba Bwalya, Mbemba wa ku Kasama, anagwira ntchito ndi ba Blackson pansi pa shedi imodzi zaka makumi awiri. Abemba ndi anthu a kum'mawa ali pa chimbuya, ubale wa nthabwala umene umalola munthu kunyoza mnzake ngakhale pa maliro, wina osakwiya. Kaya kwanu ndi ku Chipata kaya ku Ntcheu, kwa ba Bwalya nonse munali amodzi. Masana alionse ankafika utuchi uli m'mutu.

"Iwe wodya mbewa, ukali gone? Chitseko icho ni cha kasitomala!"

"Choka apa, kadye anyani ako," ankayankha ba Blackson, ndipo ndi nthawi yokhayo imene mawu awo ankamveka amoyo.

Lachisanu Dyness anatsikira pa shedi asanafike kunyumba. Anadikira kuti ba Bwalya amalize kupala thabwa, n'kunjuta.

"Ba Bwalya, nifuna munibwerekeko manja na pakamwa."

Anawafotokozera zonse akuyang'ana pansi. Anawaonetsa pa mwendo wa tebulo losamalizidwa: dzanja limodzi pa chidendene, lina pamwamba pa bondo. Ba Bwalya anayeseza katatu, lilime lili panja ngati mwana wa giredi wani.

Loweruka m'mawa Dyness anakhala pa kampando kunja kwa katani ya pakhomo la chipindacho, kope lili pamiyendo. Ba Bwalya analowa.

"Blackson, nifunse. Ukodza bwino, olo udzithira monga kamwana?"



"Dyness ali kuti?" anafunsa ba Blackson.

"Ali ku Malawi kwanu. Yankha iwe."

"Nikodza bwino."

"Pakati pa mendo pamveka, olo pafa?"

"Pamveka, chitsiru iwe!"

Dyness anachonga pawiri m'kope.  Kenaka anakweza mawu pang'ono, akulankhula ndi katani.

"Manje kwezani mwendo wamanzere, pang'onopang'ono. Bondo isapindike."

Sipanapite nthawi, ba Blackson anabuula.

"Wafika pati?"

"Ngati mapulanga atatu chabe kuchoka pansi," anatero ba Bwalya.

"Gwirani chala chachikulu cha kumanja. Batate, kokerani chala kwa imwe, ba Bwalya akanize."

"Eya, iyi mbewa ikali na mphamvu!"

"Manje kumanzere."

Anadikira. Kunja wina ankadutsa akuitanira tomato.

"Koka, Blackson," anatero ba Bwalya. Kenaka motsitsa mawu, nthabwala zitawathera: "Mwana wanga, kuno kulibe."

Lolemba Dyness anawatengera bambo ake kuchipatala. Dokotala anati kachigawo kofewa ka pakati pa mafupa a msana kanatuluka n'kupana mtsempha. Anati opaleshoni siikufunika pakali pano, koma anapukusa mutu atamva za chitseko ndi masabata asanu aja.

"Kunyumba kulibe amene anakuuzani kuti muziyenda?"

Dyness anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Analipo," anatero ba Blackson. 

Dyness anajambula pa pepala mitengo iwiri yoyendamo, yonga imene ili kuchipatala, ndipo ba Bwalya anaikhoma pabwalo ndi zotsala za matabwa. Tsiku loyamba ba Blackson anaima pakati pake akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana polumikizira.

"Ndani anakuphunzitsa ukalipentala, Bwalya? Iyi ni khola ya nkhumba."

"Ndiye yakuyenera. Yenda!"

M'mawa uliwonse, asanakwere minibasi, Dyness ankaima pakhonde n'kumawerenga. Kukweza chiuno kakhumi. Kukoka phazi ndi thaulo kakhumi. Kuyenda uku ndi uku kasanu. Pofunika kugwira, ankagwira ba Bwalya. Ntchafu inabwerera, katumba anadzaza pang'ono, ululu unachoka m'mwendo n'kutsalira kumsana kokha. Phazi silinabwerere lonse. Likamatera pansi linkamveka kuti phwa, ngati patapata wonyowa. Kaya likanachira Dyness akanalimbikira sabata yoyamba ija, palibe amene akanamuuza, ngakhale ba Sampa. Dyness ankalimva phazilo ali kukhitchini, ali m'kalasi, ali m'minibasi. Silinkamuliza. Linkangomveka.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ba Blackson anavala ovolosi n'kunena kuti apita ku shedi. Anakana ndodo. Dyness ananyamula chikwama chake n'kumawatsatira pambuyo, monga mwa ulemu. Anadutsa pa mpopi, anadutsa pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa njira. Phwa. Phwa. Asanafike kumsewu pali ngalande yowolokera pa thabwa. Pamenepo chala chija chinakodwa m'mphepete, ba Blackson anapepesuka, ndipo dzanja lawo linagwera pa phewa la Dyness, amene anali atafika kale pambali pawo.

Linali dzanja lolemera, lokhakhala. Dyness sanakumbuke tsiku limene linamugwira komaliza. Onse awiri anayang'ana kutsogolo. Anawoloka, koma dzanjalo silinachoke mpaka anafika pa shedi.

"Onani, maliro yauka!" anakuwa ba Bwalya. "Tenga randa iyo, ulesi wakwana."

Ba Blackson anakhala pa benchi n'kuyamba kuyeza mpeni wa randa yopalira matabwa ndi chala. Dyness anawoloka msewu kukadikira minibasi. Chikwama anachikoleka ku phewa linalo.