Chithunzi cha Matumba Awiri a Feteleza

Lero pothira viniga mu tchipisi, fungo lake landibwezera mu situdiyo ya bambo anga pa Mtunthama. Mankhwala otsukira zithunzi ankanunkha chimodzimodzi.

Bambo ankajambula maukwati, makwaya ndi ana a eni, koma ine mwana wawo ndinalibe chithunzi ngakhale chimodzi. "Filimu ndi ya makasitomala," ankatero. Inkachokera ku Lilongwe, ndipo inali itayamba kusowa.

Nditasankhidwa kupita ku sekondale, anati, "M'kameramu mwatsala malo amodzi. Ndi ako." Ndinasita yunifolomu ndi nsimbi ya makala, ndinadzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira, n'kuima kutsogolo kwa chinsalu chojambulidwa ndege.

Bambo asanadine batani la kamera, panalowa mlimi wina wa fodya, thukuta lili kamukamu, akukankha njinga yonyamula matumba awiri a feteleza wa makuponi.

"Ndijambuleni nawo awa, adada," anatero. "Ndakhala pamzere masiku atatu. Mwana wanga ku Joni aone."

"Bambo, munati malowo ndi anga!" ndinadandaula.

"Iwe ulipo mawa ndi mkuja. Fetelezayu akupita kumunda. Tasendera uko."

Njinga ija inkapendekeka ndi kulemera, ndiye bambo anandiuza kuti ndiigwirire chakumbali. "Tambasula dzanja, usaonekemo."

Ndinatambasula mpaka phewa kuwawa, nditaluma mlomo kuti ndisalire pamaso pa mlendo. Mlimiyo anakonza kolala, nasanjika dzanja pathumba lapamwamba, akumwetulira. Kamera inalira kamodzi, bambo n'kuyamba kukulunga filimu.