Botolo la M'nsalu Yofiira

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba, ine wophunzira sukulu yakumudzi. Ndikuphunzira unamwino, ndipo pachipatala china ku Lang'ata anatilamula kufunsa wodwala aliyense ngati akumwa mankhwala azitsamba, chifukwa ena akakumana ndi mapiritsi amawononga impso.

Kunabwera bambo achikulire achimasai. Botolo la makungwa ndinaliona m'nsalu yawo yofiira, koma kwathu mwana safunsa mkulu za mankhwala ake. Ndinangochonga "ayi" pafomu.

"Mwawafunsa, Chisomo?" anatero asisitala otiyang'anira.

"Eee, ndawafunsa."

Bambowo anapita ndi mapiritsi. Sabata yonse, foni ya pachipatala ikalira ndinkaganiza kuti ndi uthenga woipa wa bambowo.

Ndinaulula Lachinayi m'mawa. Asisitala anaimbira mwana wa bambowo. Mwanayo anati mapiritsi anatayidwa pageti pomwepo, za m'botolo bambo ake akumwabe, ndipo kuno sadzabweranso, poti palibe amene anawafunsa kanthu.