Maso Anayi a Malemu Francisko

Aliyense wa pa Namadzi amene anasoketsapo yunifolomu ya mwana zaka za m'mbuyomu amawadziwa a Nabanda. Anatha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteji ya maminibasi, akupalasa makina osokera, mpaka kaunjika anawalanda makasitomala onse. Anthu ankati basi, mayiwa abwerera kukalima kwawo ku Namitambo. Koma mwana wawo wamkazi wa ku Joni anawatumizira chimakina chosindikizira zinsalu zikuluzikulu, chotalika kuposa bedi, ndipo telala uja anasanduka wosindikiza ali ndi zaka makumi asanu, asakudziwa ndi poyatsira kompyuta pomwe.

Anaphunzira mwaukali, monga amachitira china chilichonse. Halidi, mekaniki wa ku Limbe amene anadzalumikiza makinawo, anawasonyeza pothira inki, katsukidwe ka mutu umene umathamanga uku ndi uku ukulavula utoto, ndiponso timizere toyesera tofunika kusindikiza m'mawa uliwonse. Chimodzi chokha sanawachenjeze, poti sanaganize kuti pali munthu angachichite. A Nabanda anali ndi chikhulupiriro cha atelala onse, choti makina akalira ndiye kuti ali ndi ludzu la oyilo. Lolemba lina mu Okutobala, atamva mutu uja ukulira kwii pachitsulo chimene umayendapo, anatulutsa kabotolo kawo kakale n'kuthira mosaumira. Kenako magetsi anazima masiku awiri, iwo n'kuiwalako.

Lachinayi m'mawa kunabwera Angella, mayi wamasiye wa ku Mikolongwe, atatenga chithunzi cha mwamuna wake Francisko. Loweruka kunali mwambo wa chiliza, ndipo ankafuna chinsalu cha nkhope ya malemu choti akapachike pamsasa. Sanabwere yekha. Pambuyo pake panali a Kalinde, akulu ake a malemuyo, amene chaka chonse anakhala akuuza aliyense wotchera khutu kuti mng'ono wawo sanafe imfa ya Mulungu. Munthu wadya bwinobwino, wagona, osadzukanso? Dzina la Angella sankalitchula, ankangoponya diso kumene wakhala. Ngakhale kumuitana kuti alamu anasiya.

Chinsalu chinayamba kutuluka pang'onopang'ono, atatuwo akuyang'ana. Francisko anatuluka ndi maso anayi ndi pakamwa pawiri, dzina lake m'munsimo likuoneka ngati likunjenjemera. A Nabanda anatsuka mutu n'kusindikizanso. Zinali zomwezo.

"Musavutike, mayi," anatero a Kalinde, mawu ali pansi. "Ndipatseni chomwechi, anthu akaone okha Loweruka. Francisko akukana. Akufunafuna amene anamuchita."

Angella anangokhala pansi pasimenti, osalira. A Nabanda anaona kuti chinsalu chimenecho chikangotuluka pakhomo, mayiyu sadzatunganso madzi pamjigo limodzi ndi anzake. Mtima unawapweteka, ndipo unawapsanso. Anaimbira Halidi, koma iye anali ku Lilongwe.

"Mwina mutu wapsa, mama," anatero pafoni. "Ndibwera Lolemba."

"Lolemba chiliza chitatha? Zikomo, bambo."

Atadula foni sanaiike pansi. Anailozetsa kwa a Kalinde n'kuwajambula asanafunse n'komwe kuti chikuchitika n'chiyani, ndipo chithunzicho anachitumiza m'makina. Nthawi imeneyi n'kuti azimayi ogulitsa tomato atadzaza kale pakhomo, poti pa Namadzi nkhani siifuna kuitanira. Posakhalitsa a Kalinde anatuluka pachinsalu ndi jekete lawo lomwelo, maso anayi, ndevu ziwiri.

"Nanga inu bambo munamwalira liti?" anafunsa a Nabanda. "Mukufunafuna ndani?"

Pakhomo panabuka chiphwete, wina mpaka kugwetsa beseni. Koma a Kalinde si munthu wogonja ndi kuseka kwa azimayi. Anati ngati zili choncho ndiye kuti mzimu wa malemuyo walowa m'makina, ndipo anakulunga chinsalu choyamba chija n'kuchipana kukhwapa. Apa a Nabanda anadziwa kuti kuseketsa anthu sikunathandize Angella. Chofunika chinali nkhope imodzi ya Francisko, lero lomwe.

Anazimitsa makina, kutsegula chivundikiro, n'kuyamba kukankha mutu uja ndi dzanja pang'onopang'ono, monga ankazungulitsira gudumu la makina osokera ulusi ukakodwa. Chitsulo chinali see, chonyezimira ndi oyilo wawo. Kuseri kwake anaona chinthu chimene anali asanachilabadirepo, kalamba kopyapyala kapulasitiki koonekera mkati, kochokera mbali ino mpaka mbali iyo. Ataunika ndi tochi ya foni anaona kuti kali ndi timizere ting'onoting'ono tosawerengeka, ndipo chapakati timizereto tinali titakwiririka ndi zonata zakuda. Anakhudza ndi chala n'kununkhiza. Fungo limenelo akanalidziwa ngakhale ali m'tulo. Unali oyilo wa makina osokera, utasakanikirana ndi fumbi la maminibasi.

Zonse zinawalowa nthawi imodzi. Kalambako kanali tepi yoyezera ya makinawo. Mutu umawerenga timizere tija kuti udziwe pamene wafika, ndipo telala amene manambala a tepi yake afufutika amadula mkono umodzi wautali, wina waufupi. Anaimbiranso Halidi n'kumufotokozera. Iye anawafunsa modabwa:

"Munathira chiyani, mama? Eee! Pukutani ndi kansalu kofewa, madzi pang'ono. Koma musakoke, kakaduka mwatha."

Manyazi anawagwira a Nabanda, ndipo akanatha kupukuta mwakachetechete osauza munthu. M'malo mwake anatenga kabotolo kaja n'kukakweza m'mwamba kuti onse a pakhomo akaone.

"Mfiti mumaifuna ija ndi iyi," anatero. "Ndipo anaibweretsa muno ndine, ndi uchitsiru wanga wautelala. Mayi awa sanakhudzepo makina anga chibadwire."

Anang'amba kachidutswa ka nsalu yofewa ya thonje, kukanyowetsa pang'ono, n'kupukuta kalamba kaja mbali zonse ziwiri, kuyambira uku mpaka uko, atagwira mpweya. Anapukutanso chitsulo mpaka oyilo wosefukira yense anatha. Anadikira kuti paume, anayatsa makina, n'kusindikiza timizere toyesera tija. Tinatuluka toongoka bwinobwino.

Anasindikizanso Francisko ulendo wachitatu. Kunatuluka tsitsi, kenako chipumi, kenako maso awiri okha, ofatsa, akumwetulira pang'ono monga ankachitira Francisko akamakweza matumba a nandolo panjinga. Mayi wina pakhomo analulutira, anzake n'kulandira, mpaka makondakitala a pasiteji anatembenuka. A Nabanda anaima atagwira m'chiuno, thukuta lili kamukamu, ndipo kunena zoona ananyada.

Anatambasula dzanja kwa a Kalinde. Bamboyo anazengereza, kenako anasolola chinsalu cha kukhwapa chija n'kuwapatsa, ndipo a Nabanda anachidula tizidutswa ndi sizasi yawo yakale. Koma chinsalu cha nkhope ya a Kalinde chija anakana kuchidula. Chili kuseri kwa chitseko mpaka lero, ndipo amachitulutsa kasitomala akayamba kunena za mizimu.

A Kalinde anayang'ana nkhope ya mng'ono wawo nthawi yaitali. Chinsalucho chinali chachikulu, chosakulungika ndi munthu mmodzi. Anagwira mbali imodzi n'kutembenukira kwa mayi anakhala pansi uja.

"Alamu," anatero, "gwirani mbali iyo, tingamupinde nkhope."

Apa m'pamene Angella analira.